Dokotala wa Nyali Ziwiri

Panali munthu wina, dokotala wa maso, amene anatha zaka zambiri akupanga tinthu ting'onoting'ono, tochepa kuposa fumbi. Tinthuto tinali ngati timitsuko totsekedwa. M'kati mwake ankaikamo jini yabwino, ndiye kuti uthenga wa chibadwa wouza maselo a m'thupi mmene ayenera kugwirira ntchito. Timitsukoto sitinkatseguka tokha. Akatiunika ndi nyali yofooka, tinkangonyezimira n'kuonetsa pamene tafika. Akatiunika ndi nyali yamphamvu, tinkatseguka n'kukhuthula zonse pomwepo. Ndipo paja madzi akatayika saoleka.

Kunabwera mayi wina wosoka zovala, dzina lake Nachisale. Maso ake ankazima pang'onopang'ono, monga anazimira a bambo ake. Ulusi ankachita kumulowetsera pa singano ndi mwamuna wake. Dokotala anamuuza mosabisa kuti mankhwalawo ndi atsopano, ndipo amene analipo ndi okwanira ulendo umodzi wokha. Mayiyo anavomera.

Tsikulo litafika, anamugoneka chagada n'kumubaya mankhwalawo m'diso. Dokotala anayatsa nyali yofooka, nayang'ana pa kompyuta. Timitsukoto tinaoneka tobiriwira, tili waliwali ngati ziphaniphani. Koma tinali tisanafike kumbuyo kwa diso, kumene kunali maselo odwala. Tinaunjikana panjira, pakati pa maselo abwinobwino.

Dokotala anaima kaye. Ankadziwa kuti akatitsegulira pamenepo, tiwononga kuwala kochepa kumene mayiyo anatsala nako. Ankadziwanso kuti thupi silisunga mlendo wotere. Akachedwa, litikokolola tonse.

Anadikira. Timitsuko tina tinayamba kuzima.

Mwamuna wa mayiyo anali ataima pakhomo, nayenso maso ali pa kompyutapo.

"Adokotala, zikuthatu izi! Yatsani nyali inayo, chonde. Bola pang'ono kusiyana n'kutaya zonse."

"Kodi zavuta, adokotala?" anafunsa Nachisale.

"Musagwedezeke, mayi. Gonani momwemo."

 Chala cha dokotala chinali kale pa batani la nyali yamphamvu. Anakumbukira zaka zonse zija, ndi anzake amene ankamuseka kuti akutunga madzi ndi dengu. Kudina kunali kosavuta. Zikanalephereka, bwenzi anthu akuti anayesetsa. Koma timitsuko tonse tikazima iye ali chiimire, akanamuuza chiyani mayiyo?

Anachotsa chalacho, napinda manja kumbuyo.

Mwamuna uja anatuluka akupukusa mutu. M'chipindamo munangotsala phokoso la makina ndi kupuma kwa wodwala. Timitsuko tinapitiriza kuzima, kamodzikamodzi, dokotala akuyang'ana. Pamene totsalato tinafika kumbuyo kwa diso, tinali tochepa zedi. Apo m'pamene anayatsa nyali yamphamvu.

Nachisale sanabwererenso pa makina ake osokera. Koma mdima unaima pomwe unafika. Patapita miyezi anayamba kuzindikira nkhope za ana ake, ndipo kumsika ankapita yekha wopanda womugwira dzanja. Mwamuna wake sanasiye kunena kuti nyali ija ikanayatsidwa msanga, bwenzi mkazi wake akusokabe. Dokotala sanalimbane naye, pakuti tsoka lopewedwa lilibe mboni.

Inu amene mukundimva, ambiri mwanyamula mawu opita kwa mwana wanu, kwa mkazi kapena mwamuna wanu, kwa mbale amene wasochera. Mawuwo ndi oona, ndipo akukutenthani pakamwa. Musanawakhuthule, yambani mwaunika ndi nyali yofooka. Funsani, mvetserani, onani pamene mtima wake wafika. Podikirapo mudzataya zina, ndipo sadzalephera kupezeka wina wokufulumizani. Mwina sadzakuthokozani ndi mmodzi yemwe. Pindanibe manja mpaka nthawi ikwane, chifukwa choonadi chotsegukira pamalo olakwika chimapsereza diso lomwe mumafuna kuchiza.