Mjigo ndi Kuomba M'manja kwa Bambo Kalipinde

"Anzanga, tili limodzi? Ngati tili limodzi, tiombe kamodzi." Umu ndi mmene ankayankhulira Bambo Kalipinde, mawu akutulukira m'mphuno, chifuwa chili patsogolo, miyendo ikuthamangira m'mbuyo kuti ichipeze.

Panali munthu ameneyu m'mudzi wina kuseri kwa phiri. Msonkhano wa chitukuko sunkamudutsa. Malaya a mabungwe anali nawo ochuluka moti akachapa, mpanda wake unkaoneka ngati msika wa kaunjika.

Tsono mjigo wa m'mudzimo unafa. Amayi anayamba kutunga kudambo komwera ng'ombe, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Kunamveka kuti pasukulu ya kutsidya pali maphunziro ogawana luso. Alangizi ndi otsogolera magulu a m'midzi ankakumana, aliyense n'kuphunzitsa anzake chimene amadziwa. Mayi wina wa komiti ya madzi ankakaonetsa kumasula mjigo ndi kusintha mphira zake. Mudzi unatuma Kalipinde.

Kumeneko anthu anagawikana pansi pa mitengo. Apa oumba mbaula, apo a zisudzo, uko mayi uja ndi masipanala ake. Kalipinde anayang'ana girisi, n'kuyang'ananso malaya ake oyera mbee. Mumtima anati, "Nanga ine ndabwera kudzangomvera? Luso ndili nalo." Anasankha mtengo wa mango n'kuyamba kuphunzitsa kaombedwe ka m'manja. Kuomba kwa mvula, koyamba ndi chala chimodzi mpaka chimvula cha matalala. Kuomba kwa udzudzu. Kuomba kwa njinga yamoto. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, iye n'kumamva kukoma. Mmene ankati apite kumasipanala, mayi uja anali akusamba m'manja.

Atabwerera kwawo anapeza mudzi wonse uli pamjigo. Mphira zatsopano anali atagula kale, ndowa zitandanda mpaka kumsewu.

"Tisanayambe," anatero Kalipinde, "tiombe kwa mvula."

Anthu anaomba. Mvula yake sinadzaze ngakhale kapu.

"Tsopano tikhale m'magulu, tikambirane funso ili: kodi mjigo n'chiyani?"

Nachisale, amene anabereka mwana wodwala kumbuyo, anayankha, "Achimwene, mjigo ndi umene mwautsamirawo. Sipanala nayi."

Kalipinde anailandira sipanala ija chozondotsa. Anazungulira mjigo, anaugogoda, anaikapo khutu ngati dokotala.

"Muuombere kwa njinga yamoto, mwina ulira," anatero mkulu wina amene anamva za kaombedwe kake kusukulu kuja, anthu n'kuseka.

Pamenepo mwana uja anayamba kulirira madzi. Nachisale anamutsitsa, natulutsa botolo la madzi a kudambo, ofiirira ngati thobwa. Analiyang'ana, anayang'ana mwana, kenaka anatsegula chivindikiro.

Kalipinde anaona. Chifuwa chija chinabwerera m'malo mwake. Anaika sipanala pansi, ndipo mawu anatulukira pakamwa ngati a munthu wamba.

"Achemwali, musamumwetse osawiritsa. Abale anga, mjigowu sindidziwa kuukonza. Anzanga akuphunzira, ine ndinali kuombetsa anthu m'manja. Wina andibwereke njinga ndikawapemphe mayi aja adzatiphunzitse tonse. Ine ndidzakhala pansi, kutsogolo kwenikweni."

Nkhaniyi ndakusimbirani inu amene mwabwera ku maphunziro ano ogawana luso. Aliyense wabwera ndi kake koti agawire anzake, ndipo n'zabwino. Koma kumbukirani chimene kwanu anakutumani. Mukamaliza kuyankhula pansi pa mtengo wanu, nyamukani mukakhale pansi pa mtengo wa mnzanu, malaya adetsedwe. Ndipo ngati china chakudutsani, nenani lero lomwe mphunzitsi akadali pafupi, chifukwa kumudzi ndowa zandanda kale.