Madontho Achikasu pa Manati

Fanizo ili ndinalimva kwa bambo Lufeyo Chagunda, mkulu wa mpingo wathu, amene anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi atatu maso asanayambe kuwavuta. Analinena Lachinayi lina, tsiku limene amayi asanu ndi mmodzi ankavekedwa yunifolomu ya chigwirizano cha amayi. Abusa anali atapita ku maliro, ndiye anapempha iwowa kuti atipatse mawu. Atayamba kukamba za galimoto ena tinayang'anizana, poti ambiri a ife sitidziwa ndi pothira madzi pomwe. Koma tinamvetsera mpaka kumapeto. Ndapempha Ambuye kuti andithandize kulemba monga iwo ananenera, osawonjezerapo zanga.

Anati:

Panali munthu wina, makaniko, amene anali ndi galaja kuseri kwa msika pa boma lina la kumapiri. Sanali wolankhulalankhula. Anali ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, dalaivala wa lole, wokonda liwiro ndi nthabwala.

Chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala, anthu okonda magalimoto a m'deralo ankachita mpikisano pa msewu wafumbi wozungulira phiri. Sanali akatswiri ayi. Anali aphunzitsi, alimi, eni magolosale, aliyense ndi galimoto yodzikonzera. Wopambana ankalandira chikho, n'kumatchulidwa pa msika chaka chonse.

Kuseri kwa galajayo kunali galimoto yakale ya malemu apongozi ake a makaniko. Inalibe matayala. Inakhala pa njerwa zaka zisanu ndi zinayi, nkhuku zikuikiramo mazira.

Tsiku lina mlamu uja anati, "Alamu, kodi galimoto ya bambo anga yasanduka khola mpaka kalekale?"

Makaniko anati, "Ikadzuka aiyendetsa ndani?"

"Inu ingoidzutsani. Muona ngati pali amene adzalipeze fumbi langa."

Anayamba ntchito mvula ili mkati. Makaniko anatsitsa injini, anaiphwasula yonse, zitsulo anaziyala pa masaka motsatana monga anazichotsera. Chotha anachitaya, chotheka anachikonza. Anachotsa mipando ya kumbuyo kuti galimoto ipepuke. M'kati anawotchereramo mapaipi achitsulo ngati phaso la nyumba, kuti ikagubuduka denga lisaphwanye munthu. Pansi pa injini anamangapo chitsulo chophwatalala choteteza ku miyala. Mapaipi a mabuleki anaika atsopano onse. Mlamu ntchito yake inali kutsuka zitsulo m'parafini ndi kulankhula.

Tsiku limene injini inalira koyamba, mkazi wa makaniko anatuluka m'nyumba ndi sopo m'manja. Anaima, n'kumvetsera. Anati, "Mawu ake ndi omwe aja." Kenako anauza mwamuna wake kuti, "Mudzandibwezere mchimwene wangayu ali wamoyo. Kwathu tatsala awiri."

Tsono makanikoyu anali ndi chizolowezi chimene anaphunzira kwa amene anamuphunzitsa ntchito. Anali ndi sipanala yaitali, ija imati kha nati ikafika pokhwima. Akamanga nati n'kumva kha, ankaviika kamtengo ka machesi m'penti wachikasu n'kuika kadontho pa natiyo. Dontholo linkatanthauza kuti pano dzanja lafikapo, musaderenso nkhawa. Lamulo lake linali limodzi: sipanala poyamba, penti pambuyo. Anthu a pa bomapo ankawadziwa madontho akewo. Munthu akagula galimoto n'kupeza madontho achikasu pansi, ankadziwa kuti yadutsa m'manja abwino.

Mpikisano unali Loweruka. Lachinayi masana makaniko anali pansi pa galimoto akumaliza za kutsogolo, zolumikiza chiwongolero ku matayala. Penti anali atamuthira m'chivindikiro cha chitini. Pomwepo anafika mwini chigayo ali wefuwefu. Injini ya chigayo inali itazima, amayi ali pamzere ndi chimanga cha ukwati.

Makaniko anayang'ana chivindikiro chija. Kunkatentha, penti anali atayamba kale kuuma. Manati otsala anali owerengeka. Mumtima anati, "Ndidonthezeretu penti asanaume, ndikabwerako ndimanga." Anadontheza, n'kunyamula bokosi la zida.

Chigayo chinamudyera tsiku lonselo. Lachisanu petulo sankafika bwino ku injini ya galimoto ija, ndipo analimbana nazo mpaka zinatheka. Atasuzumira pansi anaona madontho ali mbwee paliponse, mtima wake unakhala pansi. Anatsitsa galimoto pa jeke, n'kukasamba.

Loweruka m'mawa magalimoto khumi ndi imodzi anasonkhana pa bwalo la mpira. Panali akuluakulu awiri oyendera galimoto iliyonse isanaloledwe kuthamanga. Atafika pa iyi, wamkulu wa oyenderawo anagwada, anasuzumira, n'kudzuka akusasa mawondo.

Anati, "Ya bambo awa sitiyang'ana kawiri. Taonani madonthowo."

Magalimoto ankanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi ziwiri, ndipo wopambana anali wotenga nthawi yochepa. Malo onyamukira ankachita mayere. Woyambirira amapeza msewu uli woyera, wotsiriza amayenda m'fumbi la anzake ndi m'maenje amene akumba. Mlamu anapisa dzanja m'chipewa n'kutola nambala yachiwiri. Anavina pomwepo, anthu akumuwombera m'manja.

Anavala chipewa cholimba, anamanga malamba, analiza injini. Galimoto yoyamba inanyamuka. Makaniko anaima pambali manja ali m'thumba, akumvetsera kulira kwa injini yake. Sanamvepo cholakwika chilichonse.

Pamenepo wina anamugwira paphewa. Anali mwini chigayo uja.

"Bambo, chikuyendabe bwinobwino chija! Ku ukwati lero akudya ufa wanu."

Makaniko anamuyang'ana. Anakumbukira chivindikiro cha penti, ndi Lachinayi masana. Anafufuza m'mutu mwake ngati atabwerako ku chigayo anagwiranso sipanala yaitali ija. Sanapezemo kanthu.

Palibe wina amene ankadziwa. Oyendera anali atavomereza kale. Mwina manatiwo anali okhwima ndithu. Msewu wonse unali makilomita makumi anayi okha. Koma pakati pake panali chitsikira chachitali chothera pa mlatho wa matabwa, pamene msewu umakhota mwadzidzidzi, pansi pali miyala.

Woimika mbendera anakweza dzanja. Makaniko anayenda, n'kukaima kutsogolo kwa galimoto.

"Zimitsani injini, alamu."

Mlamu anatulutsa mutu pawindo. "Mwatani kodi? Chokanipo, ndikupondani!"

"Zimitsani."

Wamkulu wa oyendera anabwera akuthamanga. Makaniko analankhula mokweza, moti amene anali pafupi onse anamva.

"Madontho ena pansipa ndi abodza. Ndinawaika ndisanamange."

"Ndi ati?"

"Sindikudziwa. Onse akufanana."

Wamkuluyo anati, "Mukudziwa lamulo. Wophonya nthawi yake amanyamuka komalizira, ndipo timamuwonjezera mphindi zisanu."

"Ndikudziwa."

Anaikankhira pambali. Galimoto yachitatu inalowa m'malo mwawo. Dalaivala wake, mwini butchala wa pa msika, anafuula podutsa kuti, "Miyezi isanu ndi iwiri kumangopenta! Mukamaliza mudzandipentereko butchala!" Anthu anaseka. Mkazi wa makaniko anawerama, chitenje atagwira pakamwa.

Makaniko anakweza galimoto pa jeke. Anatenga nsanza, anainyowetsa ndi petulo, n'kufufuta madontho onse a kutsogolo, oona ndi abodza omwe. Analipo makumi atatu ndi awiri. Kenako anatenga sipanala yaitali n'kuyamba pa nati yoyamba.

Kha.

Mlamu anaima pambali manja ali m'chiuno. "Yokhwima kale iyo."

Kha.

"Iyonso. Alamu, nambala thuu yonse ija mwaitaya chifukwa cha maloto? Chemwali anakupatsani chiyani m'mawa uno?"

Makaniko anapitiriza kumanga. Magalimoto ankanyamuka, fumbi likuwagwera. Nati yakhumi, yokhwima. Ya makumi awiri, yokhwima. Mlamu anasiya nthabwala, anayamba kutukwana chamumtima, akumenya tayala ndi nsapato.

Atafika pa nati ina ya kumanja, imene imagwira chitsulo chokhotetsa tayala, makaniko anaika sipanala pansi.

"Alamu, tabwerani. Gwirani apa ndi zala."

Mlamu anagwada monyinyirika. Anagwira natiyo ndi zala ziwiri. Inazungulira. Anaipotozanso, inazunguliranso, mopepuka ngati chitsekero cha botolo.

Mlamu anayang'anitsitsa natiyo. Msewu uja ankaudziwa bwino, ndi mlatho uja ankaudziwa. Anavula chipewa chake n'kuchiika pansi. Kenako anatola chivindikiro cha penti ndi kamtengo ka machesi.

"Mangani, alamu. Penti ndigwira ine. Ndidontheza ndikamva kha ndi makutu angawa."

Yoyandikana nayo inalinso yomasuka. Manati omasuka anali awiri okha mwa makumi atatu ndi awiri. Anamaliza ntchitoyo galimoto yakhumi itanyamuka kale.

Mlamu ananyamuka womalizira. Anayenda m'fumbi loti munthu sungaone ng'ombe ili patsogolo pako. Anatsika chitsikira chija, anakhota pa mlatho, galimoto inamvera dzanja lake. Anadutsa magalimoto atatu amene anafera panjira, ina madzi atawira, ina tayala litathawa. Powerengera nthawi, ndi chilango chija chomwe, anakhala wachisanu. Chikho anatenga mwini butchala.

Koma anthu a pa bomapo akamakamba za tsikulo satchula za chikho. Amakamba za mlamu uja. Atangofika anatuluka ali mbuu ndi fumbi, maso okha akuoneka, n'kukwera pamwamba pa galimoto.

"Mwaiona galimoto ya bambo anga? Zaka naini pa njerwa, lero yazungulira phiri! Inu a chikho, tanenani: ndani mwa inu ali ndi makaniko woti angaime pamaso pa chigulu chonsechi n'kunena kuti ndinanama? Palibe! Ine ndili naye. Ndi uyo waima apoyo, wakuda ndi oiloyo. Ndi mlamu wanga ameneyo, anakwatira kwathu!"

Mkazi wa makaniko analiza nthungululu mpaka mawu anamuthera. Makaniko anangoyang'ana pansi, akupukuta sipanala yake ndi nsanza, koma amene anali pafupi anaona kuti akumwetulira.

Pamenepa bambo Chagunda anamaliza fanizolo. Anatembenukira kwa amayi asanu ndi mmodzi aja, amene anakhala pa benchi la kutsogolo, mabulauzi oyera atapindidwa pamiyendo pawo. Mawu amene anamalizira ndi awa:

"Amayi anga, chovala chimene muvale lerochi ndi dontho. Anthu akachiona sadzayang'ananso kawiri. Adzakutumizirani ana awo kuti muwalangize. Adzakuuzani za m'nyumba mwawo zimene sanauzepo munthu. Wodwala akamva kuti mwalonjeza kubwera, adzadikira. Choncho musafulumire kudontheza chifukwa penti akuuma. Musanene kuti ndakupemphererani musanapemphere. Musanene kuti ndakhululuka mtima usanamve kha.

"Koma ndinu anthu, ndipo chigayo chidzakuitanani. Tsiku lina mudzakumbukira kuti penapake munadontheza musanamange, ndipo padzakhala palibe wina wodziwa. Ine makaniko uja ndimamunyadira chifukwa cha tsiku limenelo. Inunso mudzayende, mukaime kutsogolo. Anthu aseke. Nambala yachiwiri ipite. M'galimotomo muli munthu."