Manja Zana a Nachiluwa

Anzanga inu, ndiyambire kumapeto, mtima sukundilola kudikira: Mkunga anabwerera kwawo ndi njala, milomo itatupa ngati mandasi! Khalani pansi mumve.

Kalekale, pansi penipeni pa nyanja yamchere, kumene dzuwa silifika, kunali mdima bii, matope okhaokha, madzi ozizira ngati a mu Juni. Kumeneko kunkakhala Nkhanu, kamunthu kakang'ono kogona m'chigoba cha nkhono. Pamwamba pa chigobacho pankakhala mnzake, Nachiluwa. Mukanamuona mukanati ndi duwa, koma ayi, ndi kanyama! Miyendo alibe, maso alibe, kukamwa kuli pakati, timanja zana tili gwedegwede kuzungulira. Ndipo timanjato timaluma kuposa chitedze.

Nkhanu ankamubereka kulikonse. Akapeza chakudya, nyenyeswa zinali za Nachiluwa.

Tsiku lina kunatulukira Mkunga, chinsomba chachitali, chamimba yosakhuta, chonyadira kuti chinaleredwa bwino.

"Iwe Nkhanu, tuluka m'chigobamo. Lero ndiwe ndiwo."

Nkhanu anati, "Zikomo, malume, kudyedwa ndi inu ndi mwayi. Koma mundidye osapereka moni kwa alongo angawa? Anthu adzati munakulira kuti?"

"Ine? Mwambo ndimaudziwa! Muli bwanji, mayi?"

"Aaa, moni wapakamwa?" anatero Nachiluwa ndi timawu tonyengerera. "Kwathu kuno timagwirana chanza, achimwene. Dzanja lililonse."

"Manja ndilibe ine."

"Milomo muli nayo."

Mkunga anasendeza milomo. Dzanja loyamba, tswa!

"Mayo!"

"Tili bwino, kaya inu? Lachiwiri ili."

Tswa!

"Mayo ine! Atsala angati?"

"Musafulumire, malume," anatero Nkhanu. "Mukalumpha limodzi, limadandaula, ndiye timayambiranso."

Tswa! Tswa! Tswa! Pofika dzanja lakhumi, milomo inali ndundundu, kukamwa kosatseguka.

Nkhanu anasuzumira. "Ndakonzeka tsopano. Yasamulani ndilowe."

"Mmm! Mmm!"

"Akuti akhuta," anatero Nachiluwa. "Mupite bwino, achimwene. Manja enawa akudikirani, mudzabwerenso."

Mkunga uyo, liwiro, matope kobo! Awiriwo anaseka mpaka chigoba kupendekeka. Madzulo ake Nkhanu sanapereke nyenyeswa, anagawa chakudya pakati ndi pakati.

Kanthano kanga kamira pamenepo, amene akukafuna akakavuule yekha. Koma inu okonda kutama ulemu wanu, musanapereke moni muziyamba mwawerenga manja.

Tsono nkhani yabwino ndi iyi: a Nyirongo, aphunzitsi athu a sayansi, aisankha kuti tichite sewero pa asembule! Nachiluwa ndine, ndasoka kale timanja ta nsanza. Mkunga ndi Lonjezo wa folomu 2, ndipo akuti ndizimutsina pang'onopang'ono. Ndamuuza kuti tiona. Mawa mulawire, mudzakhale kutsogolo, mudzaone nokha!