Maliro a Kiliofasi Womana Ng'oma

Kalekale, kutsidya kwa nyanja yamchere, kunali mzinda m'mbali mwa mtsinje waukulu. Waukulutu, woti Shire wathuyu ndi kangalande chabe. Mumzindamo munkakhala abale athu, zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo.

Maliro awo anali otere: popita kumanda malipenga ndi ng'oma zilire mwachisoni, pobwerako ng'oma itenthe, anthu avine atatukula maambulera.

Mwini ng'oma anali Kiliofasi. Kaimbidwe kakeko kanawoloka nyanja kali m'mutu mwa agogo a agogo ake. Wokadziwa anatsala yekha. Koma kumana kwake!

"Alamu, ndiphunzitseniko," ankatero Lufasi, mlongo wa mkazi wake.

"Mawa."

Mawa, mawa, mawa. Kiliofasi anamwalira.

Ng'oma inagwera Lufasi. Ulendo wakumanda unayambika, iye phwa! phwa! ngati akupuntha mapira.

M'bokosi muja Kiliofasi anapirira. Anapirira ndithu. Pofika pamlatho zinamukanika. Go! go! go! Chivundikiro gwa!

Onyamula bokosi liwiro. Abusa mumtsinje phava, ndi jekete lomwe. Amene anatsala ndi Odesa, mkazi wa Kiliofasi, manja ali m'chiuno.

"Inu bambo, mwadzukiranji? Mpunga ndi nyemba ndaphikira anthu kale!"

"Munthu angafe bwanji ndi phokoso lotere? Alamu, mukuimba ng'oma kapena mukupha njoka?"

Lufasi anayankha ali mumtengo. "Pajatu munkati mawa, alamu."

Mawuwo anamulasa Kiliofasi mumtima. Zoona. Ng'oma imene ukapolo unalephera kuipha, ankakaikwirira ndi iye mwini wake.

"Tsikani. Itanani onse othawa aja."

Anakhala pabokosi lake n'kuphunzitsa. Amuna, akazi, ngakhale abusa ali chinyowere. Atatha anagona, nafanso.

Ulendo unayambanso. Pachipata cha manda chivundikiro gwa!

"Dzanja lamanzere, alamu! Lamanzere likuchedwa!"

"Mayo ine, nyemba zanga zisasa," anatero Odesa.

Anaphunzitsanso, nafa kachitatu.

Apa Lufasi anaimenya ng'oma ija, mpaka nsomba mumtsinje zinatukula mitu. Atafika padzenje anthu onse anangoti zii. Odesa anatsamiritsa khutu pabokosi. Anadikira. Anadikira.

"Akhutira. Kwirirani msanga, asanakumbukire china!"

Pobwerako mzinda wonse unavina, ndipo mpaka lero ukuvinabe.

Mwamva? Chimene makolo anakusiyira, gawa ukadali ndi mpweya. Si tonse tili ndi mwayi wofa katatu.

Nthano yanga nayonso yakwiriridwa pomwepo.