Mano Awiri a Nangondo

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankathyola tiyi pa esiteti ina. Pa esitetiyo panali lamulo lakuti aliyense wodutsa pa nyumba ya bwana atsike pa njinga, avule chipewa, aikankhe mpaka atapitirira mtengo wa bulugamu. Kaya wanyamula wodwala, kaya mvula ikukhuthuka, utsike basi. Wokana ankamuchotsa ntchito ndi kumutulutsa m'nyumba ya pa esiteti tsiku lomwelo.

Ndiye panadzuka Chikadza, wantchito mnzawo. Pakamwa anali napo, eee! Ankaima pachulu n'kumafunsa kuti, "Msewu uwu anaulambula ndani? Si makasu athu? Kapena magazi a bwana ndi obiriwira?" Anthu anayamba kunong'onezana za ufulu ndi kufanana, mpaka mantha anawathera. Tsiku lina anataya madengu, nakwera njinga onse, kulunjika kunyumba ija mabelu ali ngiringiri. Alonda anawalandira ndi zibonga. Nangondo anamugulula mano awiri akutsogolo, koma sanatsike. Mwezi usanathe bwana analongedza, ndipo bulugamu uja anthu anamugwetsa akuvina.

Chikadza analowa m'nyumba ija. Akuti kungoyang'anira zinthu. Anthu akamadutsa ankatsika kuti amupatse moni, poti anali wawo ndipo ankamukondadi. Palibe anawauza. Mumvetse bwino pamenepa, palibe! Chaka chitatha, wodutsa osatsika anzake ankamuyang'ana ndi diso loipa. Chaka chachiwiri, pa chitsa cha bulugamu panakhala mlonda, chibonga chili pamiyendo. Nangondo naye ankatsika ngati wina aliyense.

M'mawa wina, phazi likupita kale pansi, lilime lake linagunda pamene panali mano aja. Mayiyo anabweza phazi n'kupalasa.

Mlonda anagwira kaliyala wa njinga yake. Chikadza anatulukira pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Chemwali, mwatani? Ine si bwana uja ayi. Mukatsikira ine mukulemekeza ufulu wathu womwe uja."

Nangondo anayasamula, nalozetsa chala m'kamwa.

"Achimwene, mano awa ndinawasiya pamsewu pompano. Sindinawasiye kuti ndingosintha womutsikira."

"Tsikani, nkhani ithere pomwepa. Apo ayi, m'nyumba muja mutuluke lero."

Mayiyu anali ndi ana atatu, mwamuna anamwalira, kumudzi analibe ngakhale mzere umodzi wa munda. Anatembenuka. Anzake aja anaimba nawo mabelu anali ataima m'mbali mwa msewu, njinga atagwirizira, maso pansi. Nangondo anamenya dzanja la mlonda, napalasa.

Masana ake anamanga mphasa ndi mapoto pakaliyala, wamng'ono kumsana, awiri akuthamanga pambuyo. Njira yotulukira inali yomweyo. Anadutsa pakhonde paja ali pachishalo, msana uli njo, belu likulira mpaka kuchipata.

Mukudikira kuti ndinene kuti anthu anamutsatira? Sindikunamizani. Mawa lake anatsika, mkuja anatsika. Ndikudziwa chifukwa ndinali pomwepo ine, njinga nditagwirizira, chipewa chili m'manja. Ndakalamba, koma manyazi a tsiku limenelo sanandichoke, ndipo belu lija ndimalimvabe.

Tsono inu ana anga, ndakumvani mukufuula za ufulu, ndipo ndakondwa. Fuulani! Koma kuthamangitsa bwana ndi ntchito ya mwezi umodzi. Yovuta imayamba wanu akakwera pakhonde, uja munkadya naye mbale imodzi. Chikadza sanalembe lamulo, tinamulembera ndife ndi miyendo yathu. Mukondeni wanuyo, mumupatse moni, mumuthandize ntchito. Koma moniwo mupereke muli pachishalo. Akakwiya akwiye, akaopseza aopseze. Ndipo tsiku limene mmodzi wa inu adzakane kutsika, musadzaime m'mbali mwa msewu monga ndinaimira ine. Mudzakwere.