Ng'ombe Imene Inapita ku Yunivesite

Panali munthu wina, mlimi wa cha ku Dowa, amene anali ndi ng'ombe ziwiri zofula zokoka ngolo, komanso khalidwe limodzi loseketsa. Akaweruka kumunda ankakhala pakhonde n'kumapotokola wailesi mpaka apeze anthu olankhula chilankhulo chimene iye sachimva. Akawapeza, basi, ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Mkazi wake akamufunsa kuti kodi akuti chiyani, ankayankha kuti, "Kaya. Koma akunena bwino."

Tsiku lina anapita ku yunivesite kukaonerera mphwake akulandira digiri. Mwambo uli pafupi kutha, mphunzitsi wina anaimirira n'kupempha thandizo. Anati nthambi yawo, yophunzitsa zilankhulo ndi miyambo ya anthu oyandikana nafe, inali pafupi kutsekedwa. Ankafuna kutumiza ophunzira kuti akakhale pakati pa eni zilankhulozo, akadye nawo, akavine nawo, akakhuze nawo maliro, koma thumba linali lobooka. Anthu a masuti anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Mlimi uja anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndalama ndilibe," anatero, "koma ndili ndi ng'ombe. Mudzatenge."

Holo yonse inafa nalo phwete. Iyenso anaseka nawo, koma mawu ake sanabweze. Pasanapite nthawi, Sitima, ng'ombe yake yamphamvu ija, inakwera lole kupita kumsika, ndipo zonse zimene zinapezeka zinapita kusukuluko.

Inu alimi mukudziwa kuti ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Chaka chimenecho chimanga chinabwera kumudzi pamutu. Mkazi wake, dengu lili pamutu, thukuta lili kamukamu, ankaima panjira n'kufunsa kuti, "Bambo a Yotamu, kodi Chiswahili chija chifika liti kudzatithandiza kututa?" Anthu a m'mudzi nawo sanamusiye. Akakumana naye ankati, "Nanga Sitima ikukhoza mayeso?" Iye ankangoti, "Ikulimbikira."

Zaka zinapita. Mwana wake Yotamu, dalaivala wa malole opita ku Tanzania, anakwatira mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, Mnyakyusa, dzina lake Tumpale. Anabwera naye kumudzi ali woyembekezera, namusiya m'manja mwa makolo, iye n'kubwerera pamsewu.

Mtengwayo anali wakhama, wosadikira kutumidwa. Chichewa ankangodziwa "zikomo" yekha, koma ndi apongozi ake aakazi ankamvana ndi manja ndi maso. Vuto linali kwa apongozi aamuna. Akangowaona, ankafunda chitenje kumutu n'kuthawa.

Tsono mlimi uja anali atakondwa kuti wailesi yabwera yokha pakhomo, yoyenda ndi miyendo. Anamudulira mzimbe n'kupita nawo kukhitchini. Mtsikana anabisala kuseri kwa chitseko. Anamutsatira kuchitsime kuti akangomupatsa moni. Mtsikana anasiya ndowa n'kulowa m'chimanga. Anayesa mtedza, anayesa mapapaya, koma zinali chimodzimodzi.

Bamboyo zinamupweteka, osati pang'ono. Munthu wokondedwa ndi mudzi wonse, lero akuthawidwa pakhomo pake ngati mfiti! Kuuza mwana wake pafoni anachita manyazi. Mtsikana nayenso anayamba kuwonda, kumangolira chamumtima, popanda wodziwa chomuliza. Pomaliza mlimi anati, "Ngati ndimamunyansa, abwerere kwawo. Itanani ankhoswe." Aliyense anadziwa tanthauzo lake: ukwati watha, mwana akabadwira kutsidya, ndipo agogo ake sadzamunyamula.

Mkazi wake mtima unamuwawa, koma lilime lake silinafooke.

"Musanaitane ankhoswe, itanani kaye ng'ombe yanu ija," anatero. "Si inapita kukaphunzira zilankhulo? Ibwere idzatimasulire."

Iye ankanena monyogodola, koma mwamuna wake anatolapo nzeru. Anatenga foni n'kuimba ku yunivesite.

Kunabwera mayi wina, a Chikaonda, mphunzitsi wa m'nthambi ija. Atakhala pamkeka n'kupatsidwa moni, anati, "Bambo, inu simundidziwa. Ine ndine mmodzi mwa ophunzira amene ng'ombe yanu inawatumiza kumpoto. Ndinakakhala pakati pa Anyakyusa mpaka ndinkalota m'chilankhulo chawo. Mwanayo ali kuti?"

Anamulozera kukhitchini. Mayiyo anaima pakhomo n'kunena moni wa kwawo kwa mtsikanayo: "Ugonile!" Amene anali panja anatchera khutu. Kenako anamva kulira. Kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a pampopi, mawu amene anakhala otsekeredwa chifikire pamudzipo. Pamapeto pake anamva akazi awiri akuseka.

A Chikaonda anatuluka akupukuta misozi.

"Bambo, mwanayu sakudani. Banja la kwawo likusungabe mwambo wakale. Mkazi woleredwa bwino sayang'ana nkhope ya bambo wa mwamuna wake, sawayandikira, ngakhale dzina lawo salitchula. Akamakuthawani ndiye kuti akukupatsani ulemu wonse umene mayi ake anamuphunzitsa. Chikumuliza n'chakuti inuyo simutopa kumulondola. Akuti, 'Kodi apongoziwa ndawalakwira chiyani kuti azindithamangitsa ndi mzimbe?'"

Mlimi anagwira pakamwa. Mkazi wake anagwera pamkeka ndi kuseka.

"Ha! Bambo a Yotamu, mwaiwala kodi? Ndani uja anaona amayi anga akubwera panjira, n'kudumphira m'tchire la chitedze? Munadzikanda mpaka khungu kutuwa, mukuti ndi ulemu! Kwathu kuno wothawa ndi mkamwini, kwawo wothawa ndi mtengwa. Chavuta pamenepa n'chiyani?"

Munthu uja anaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo m'kusekako munatulukanso misozi, chifukwa anaona kuti anatsala pang'ono kupirikitsa mwana chifukwa chomulemekeza. Ankhoswe sanaitanidwe.

Kuyambira tsiku limenelo, akamafika pakhomo ankayamba watsokomola pachipata, kuti mtengwa apeze mpata wotembenuka. Mzimbe ankapatsira mkazi wake. M'mawa ankaima kuseri kwa mpanda n'kufuula kuti, "Ugonile!" Mawuwo ankawakhotetsa momvetsa chisoni, koma m'kati munkamveka kamawu kodzaza chimwemwe kakuyankha kuti, "Ndaga!" Mtsikana anayamba kudya, masaya n'kubwerera. Yotamu atabwera ku ulendo anapeza bambo ake ndi mkazi wake ali paubwenzi waukulu, koma asanaonanepo nkhope.

Mwana anabadwa, wamkazi. Atatuluka m'chikuta, agogo aakazi anamunyamula n'kukamuika m'manja mwa mlimi uja pakhonde.

"Landirani," anatero. "Sitima yabwerera kukhola. Inali yofula, koma taonani, yabereka."

Abale anga amene mwasonkhana pano, mbale ya zopereka ikubwera, ndipo nthambi ya zilankhulo ija ikupemphanso thandizo. Ndamva ena mukunong'onezana kumbuyoko kuti chilankhulo sadya. Mukunena zoona, sadyadi, ndipo ngolo sichikoka. Koma ana athu akuyenda. Akugula kutsidya, akudwalira kutsidya, akukwatira kutsidya. Tsiku lina wina adzafunda chitenje pakhomo panu, inu n'kuona chidani pamene pali ulemu. Tsiku limenelo mudzasowa munthu wolowa m'khitchini kukanena moni umodzi wokha. Munthu wotereyo sagwa kuchokera kumwamba. Amakhalapo chifukwa wina analola kusenza chimanga pamutu kuti iye aphunzire. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amene ali ndi ng'ombe, mwamva zimene ng'ombe imachita. Amene mulibe, musadandaule, nkhuku nayo imalowa kalasi.