Dzina Limene Kamvuluvulu Anadula

Panali munthu wina wa ntchito yanu yomweyi, yoika nyimbo m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Ankadzitcha DJ Kamvuluvulu. Luso anali nalo, ndisamunamizire. Akalumikiza nyimbo ziwiri, simukanadziwa pamene ina yathera ndi pamene inzake yayambira. Koma munthuyo sankakhulupirira aliyense. Fulashi yake yosungiramo nyimbo ankaimangirira m'khosi ngati chithumwa. Ngakhale pokataya madzi, laputopu ankapita nayo. Mnzake akamuyamikira kuti lero mwativinitsa, iye mumtima ankati uyu akufuna kundikopera.

Chifukwa cha mantha amenewo, mikisi iliyonse imene ankapanga polumikiza nyimbo za eni ankaidinda dzina lake. Nyimbo ikafika pokoma, mawu ake ankalowerera: "Kamvuluvuluuu!" Ndipo pamene woimba wadzitchula dzina m'nyimbo, monga amachitira oimba athu, iye ankadulapo n'kuikapo lake. Ankati pamenepo m'pamene dzina limamveka bwino.

Za chilolezo ankazidziwa, asakunamizeni. Anzake anamuuza kangapo kuti woimbira gulu nyimbo za eni amayenera kukatenga laisensi ku ofesi yoona za umwini wa nyimbo, ndipo kuziika pa intaneti kumafunanso chilolezo chakechake. Iye ankangopukusa mutu. Ankati amenewo akufuna ndiwaonetse nyimbo zonse zimene ndili nazo kuti akatsine khutu adani anga. Sanapondeko phazi.

Tsono mikisi yake ina inatchuka. M'minibasi inali yomweyo, kometetsa yomweyo. Pakati pake panali nyimbo ya mayi wina wa mawu ogwira mtima, yolira mwana amene anapita ku Joni osaimbanso foni. Mayiyo palibe amene ankamudziwa. Anthu ankangoti nyimbo ya Kamvuluvulu ija.

Banja lina lodziwika linamufuna kuti akaimbe pa ukwati wa mwana wawo Loweruka. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Koma Lachiwiri, wapampando wa komiti ya ukwatiwo anamuimbira foni.

"Achimwene, mikisi ija taipezanso pa intaneti ili ndi dzina la munthu wina. Ife tikufuna mwini wake weniweni. Mutibweretsere umboni pofika Lachisanu, apo ayi tiona kwina."

Kamvuluvulu anatsegula foni, n'kupeza zoona. Wina anadula dzina lake lonse mwaukhondo, n'kuikamo lina. Kamvuluvulu anapsa mtima, komanso pansi pa mtima anakondwa, poti zimene ankanena zaka zonsezi zinali zitapherezeka. M'mawa mwake anathamangira ku ofesi yomwe ankainyoza ija, kuti akamulembere kalata yoti mikisiyo ndi yake.

Pabenchi yodikirira anapezapo mayi wina wovala chitenje chofwifwa, nsapato zili mbuu ndi fumbi, envulopu ili m'manja. Mayiyo anasendera kuti amupatse malo. Iye anakumbatira chikwama cha laputopu, poganiza kuti mayiyo akuchiponyera diso. Chitseko chitatseguka, anamudutsa mayiyo n'kulowa, ati ali pachangu. Chitsekocho sanachitseke.

Mkulu wa mu ofesimo anamvetsera dandaulo lonse osamudula. Kenako anati, "Tiimve mikisiyo."

Kamvuluvulu anaiyatsa monyadira. Itafika pa nyimbo ya mwana wa ku Joni, mayi wa pabenchi uja anayamba kuimba nawo chapansipansi, liwu ndi liwu. Pamene panafuula dzina la Kamvuluvulu, iye sanaleke. Anapitiriza ndi mawu amene munalibe mu mikisimo: "Ndine Delifa wa ku Nsundwe, ndikulira mwana wanga." Mawuwo anakwana ndendende pampata pamene panadulidwa.

Mkulu uja anaimitsa nyimbo, n'kuitana mayiyo kuti alowe. Anamufunsa kuti mawu amenewo anawadziwira kuti.

"Ndinaipeka ndine, bambo. Mwanayo ndi wanga. Ndabwera chifukwa kwathu ana a masiku ano akundiseka kuti ndine wabodza ndikanena kuti nyimboyi ndi yanga. Mawu ndi anga, koma dzina langa mulibemo."

Anatulutsa mu envulopu chimbale chakale ndi pepala limene analembetsera nyimboyo. Mkulu uja anaika chimbalecho, ndipo dzina la Delifa linamveka pamalo pake.

Mkulu uja anatembenukira kwa Kamvuluvulu. "Za amene anadula dzina lanu tazimva. Nanga la mayiwa anadula ndani?"

Mkuluyo anapitiriza kufunsa.

"Laisensi yoimbira gulu muli nayo? Nanga chilolezo choika nyimbozi pa intaneti?"

Kamvuluvulu anangogwira fulashi ya m'khosi ija. Manyazi anamugwira, koma mayiyo sanamutukwane n'komwe. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mukanangondipempha, mwananga. Ine sindikanakana."

Kalata inalembedwa tsiku lomwelo, koma sinali imene iye anadzera. Inali yoti mikisi zonse ziwiri zichotsedwe pa intaneti, ya wakuba uja ndi yake yomwe. Lachisanu analibe chokaonetsa kwa a komiti. Loweruka masipika ake anaswera m'nyumba atafunditsidwa nsalu. Ku ukwatiko anaitana munthu wina wamba, wopanda dzina lotchuka, amene anali ndi chilolezo chake m'thumba. Nyimbo ya mwana wa ku Joni anaiika yathunthu, ndipo anthu ovina perekaniperekani anamva koyamba kuti mwini wake ndi Delifa.

Tsono inu amene mwakhala apa ndi malaputopu anu atsopano, ndikukuonani mmene mukubisirana mafulashi. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi, ndipo munthu akamafuula kwambiri kuti andibera, ndimayamba ndakayika za m'chikwama mwake. Paja chala sichiloza mwini. Musanafunse kuti wakukoperani ndani, tsegulani fulashi yanuyo mumvetsere bwino. Nyimbo iliyonse mmenemo ili ndi mwini wake, ndipo mwina mwakwera naye minibasi m'mawa uno akumva mawu ake ali pansi pa dzina lanu. Pitani mukatenge chilolezo miyendo yanu ikadali yopita yokha. Mukadikira tsiku lokadandaula, mwini nyimbo mukamupeza atakhala kale pabenchi.